Chitini, Waya ndi Chikopa: Ulendo wa Madalitso Band

Ndikulankhula nanu ndili kuno ku mapiri a Dedza, kumene mwezi wa June ukafika chisanu chimatisonkhanitsa pamoto dzuŵa likangoloŵa. Pamoto potero ndi pamene ambirife tinamva koyamba kulira kwa banjo ya chitini, yomangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Makolo ambiri ankaiyesa choseŵeretsa cha mwana waulesi, ndipo mabanjo ena anathera pamoto pomwepo. Lero tiyeni tione kumene zoimbira zoterezi zafikitsa anthu ena.

Tiyambire kutali. Ku America, m'mizinda ya Louisville ndi Memphis, anthu akuda amene analibe ndalama zogulira malipenga anayambitsa magulu otchedwa jug band. Jug ndi mtsuko wa pakamwa pang'ono. Woimba amanjenjemeretsa milomo pakamwa pa mtsukowo, ndipo mtsuko umakuza liwulo kukhala besi. Mnzake amakwecha thabwa lochapirapo zovala m'malo mwa ng'oma. Gulu la Memphis Jug Band, lotsogozedwa ndi Will Shade, linajambula nyimbo kuyambira 1927 mpaka 1934. Gus Cannon, amene banjo yake yoyamba anaipanga ndi chiwaya, anajambula "Walk Right In" mu 1929, ndipo nyimboyi inagwedezanso America yense mu 1963 pamene achinyamata a Rooftop Singers anaiimbanso.

Kuno kwathu ntchito ya mtsuko uja imagwiridwa ndi babatoni. Ichi ndi chipangizo cha mtengo wautali woloŵetsedwa m'ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi waya mmodzi yekha. Woimba amatsetseretsa botolo pa wayayo: likayandikira kung'oma liwu limakwera, likatalikira liwu limatsika.

Amene achitengera kutali chipangizochi ndi Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, a Madalitso Band. Aŵiriŵa anakumana mu Lilongwe mu 2002. Maligwa amaimba babatoni ndi kutsogolera nyimbo, pamene Kalekeni amakhwatcha gitala ya mawaya 4, uku akumenya ndi chidendene ng'oma imene amaikhalira. Motero anthu aŵiri amamveka ngati gulu lathunthu.

Kwa zaka zambiri bwalo lawo linali msewu. Ankayenda wapansi m'misika ndi m'makonde a masitolo, zipangizo zili paphewa, kulandira zimene odutsa awaponyera. Mu 2009 wojambula nyimbo wina anawamva, nawajambula chimbale cha Fungo la Nyemba. Komabe anadikira zaka zina 8 kuti chitseko chitseguke. Mu 2017 anatuluka koyamba m'dziko muno kukaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kuitanidwa ku Ulaya. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019, ndi cha Musakayike mu 2022.

Mfundo yaikulu nayi, omvera. Atatchuka sanataye babatoni kuti agule besi yamagetsi. Ku Ulaya magitala amagetsi ali mbwee. Chimene kulibe ndi liwu la waya mmodzi ndi chikopa cha ng'ombe ya ku Malaŵi. Chimene chinabadwa chifukwa cha kusoŵa ndicho chinasanduka chuma chawo. Njirayi anailambula kale Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndiponso Alan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake.

Choncho inu makolo a ku Bembeke, ku Lobi, ku Linthipe ndi kwina konse, mukamva mwana akukhoma chitini kuseri kwa nkhokwe, musathamangire nkhwangwa. Muuzeni ayambe watha ntchito ya kusukulu ndi ya kudimba, kenaka khalani pansi mumvere. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.