Kudikira Kudinda Zala ku Tsangano ndi ku Macanga

Chiphaso cha unzika cha dziko la Mozambique, chimene m'Chipwitikizi chimatchedwa Bilhete de Identidade koma anthu amangoti BI, sichiperekedwa kufikira mwini wake ataonekera yekha kwa ogwira ntchito a nthambi ya Identificação Civil kuti ajambulidwe nkhope ndi kudinda zala pa makina. Mizere ya pakhungu la chala imasiyana munthu ndi munthu, ndipo ikasungidwa mu kompyuta imaletsa munthu mmodzi kulembetsa mayina awiri. Phindu limeneli ndi loona, koma lili ndi mtengo wake, chifukwa kudinda zala si ntchito yotumira mwana kapena mfumu ya m'mudzi, ndipo m'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, mtengowo umalipidwa ndi mapazi.

Mlimi wa fodya wa ku Chidzolomondo kapena wa mbatatesi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amayenera kusiya munda, kulipira njinga yamoto pa misewu yafumbi imene m'dzinja imasanduka matope, n'kukafika kulikulu la boma, ku Furancungo kapena ku Tsangano, osadziwa ngati akathandizidwa tsiku lomwelo. Makinawo amadalira magetsi ndi netiweki, choncho chimodzi chikasowa mzere wonse umabwerera kumudzi. Palinso vuto limene silitchulidwa kawirikawiri, lakuti zala za munthu amene wagwira khasu zaka makumi anayi zimakhala zokhakhala ndi zong'aluka, moti makina amavutika kuziwerenga, ndipo wojambula amazipukuta n'kuzikanikiza pagalasi mobwerezabwereza anthu ena akudikira pakhonde. Zikatheka, munthu amapatsidwa kapepala kodikirira, kamene ambiri amakatcha espera bilhete, popeza khadi lenilenilo limasindikizidwa kutali.

Komabe kuchedwa kwakukulu kumayambira m'mbuyo, munthu asanayandikire n'komwe makinawo. Chala chimangotsimikiza kuti thupi ili ndi la munthu mmodzi, koma sichinena kumene anabadwira kapena amene anamubereka, ndipo zimenezi zimafuna kalata ya kubadwa yochokera ku Registo Civil, ofesi yolemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, imene ili pansi pa unduna wa zachilungamo pamene ya ziphaso ili pansi pa unduna wa zam'dziko. Apa mpamene mbiri ya derali imalemera. Malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa Achewa ndi Angoni a chinenero chimodzi, ndipo kufikira lero msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'mphepete mwa malirewo, moti pa msika wa Lizulu ogula ndi ogulitsa amachokera mbali zonse ziwiri. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ana ambiri anabadwira kumeneko popanda kulembedwa paliponse. Anawo tsopano ndi makolo a zaka zoposa 30.

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a mu 2004 sawatsekera khomo, pakuti amati mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambique, ngakhale abadwire kunja, ndi nzika ngati walengeza kuti akufuna kutero. Chovuta ndi umboni, makamaka makolo akakhala kuti anamwalira opanda chikalata chilichonse, ndipo munthu amazungulira kwa mfumu, kwa mboni ndi ku ofesi nthawi yaitali tsiku lodinda zala lisanafike. Mlendo weniweni njira yake ndi yaitali koposa: wokwatira kapena kukwatiwa ndi nzika amadikira zaka 5, pamene wopempha unzika chifukwa chokhalitsa amafunika zaka 10 zokhala m'dzikomo movomerezeka, kudziwa Chipwitikizi kapena chinenero china cha m'dzikomo, ndi kutha kudzisamalira yekha. Mayi wa ku Ntcheu wokwatiwa kutsidya mwa mwambo chabe, ukwati wake osalembedwa, alibe pepala lowerengera zaka zimenezo.

Chopweteka n'chakuti boma linaonetsa kale kuti makina akhoza kupita kwa anthu. Chisankho chikayandikira, magulu a bungwe loyendetsa zisankho la STAE amanyamula zipangizo zojambulira nkhope ndi zala kufikira m'masukulu a kumidzi, amalandira umboni wa anthu odziwika m'deralo, ndipo khadi la voti limatuluka pomwepo, n'chifukwa chake m'makomo ambiri khadi limeneli ndi lokhalo lokhala ndi chithunzi cha mwini nyumba. Dziko la Malawi nalonso mu 2017 linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika m'miyezi yowerengeka potumiza olembera kumidzi. Magulu oyendayenda opereka BI amafikako m'maboma a Tete nthawi zina, koma amathandiza mokwanira pokhapokha akabwera limodzi ndi olemba za kubadwa, chifukwa wopanda kalata ya kubadwa amabwezedwa ngakhale makina atafika pabwalo la mfumu yake.