Ayamba kusoka atakula, chifukwa cha aneba

Aliyense wodutsa pa Mponela m'boma la Dowa amawaona matelala ali ndandanda m'makonde a magolosale, mapazi ali pa makina, tepi ili m'khosi. Ambiri mwa iwowa sadapite kukoleji iliyonse. Luso adalipeza kwa amalume awo, kwa telala amene ankamutumikira, ndipo ena kwa munthu woyandikana naye nyumba basi.

Mmodzi mwa otere ndi mayi wina wamasiye yemwe adakhala koyamba pa makina osokera atapitirira zaka 40. Amuna awo atamwalira, mayiwa adatsala ndi ana anayi komanso nyumba ya lendi. Adayesa geni ya tomato, koma zotsala zikaola mpamba unkathera pomwepo.

Amene adawadzutsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, telala wachikulire yemwe ali ndi makina akale a Singer opalasa ndi mapazi. Poona mnzawo akungokhala khuma pakhonde, aneba aja adawaitana kuti azibwera madzulo akaweruka, makina akamapuma.

Malinga ndi mayiwa, masiku oyamba sadakhudze ulusi ngakhale nsalu. Ntchito idali yongopalasa kuti gudumu lizizungulira mbali imodzi, chifukwa likabwerera m'mbuyo ulusi umaduka kapena kupiringizana kunsi. Mapazi atazolowera, adapatsidwa mapepala a makope akale a ana kuti singano yopanda ulusi izilondola mizere. Apa mpomwe adaphunzira kuti nsalu sakoka, makina amayiyendetsa okha, manja amangowongolera.

Kenaka padabwera kulowetsa ulusi, kukulunga bobini, kupinda m'mphepete mwa chitenje ndi kuika zigamba pa makabudula a ana. Zipi idawasautsa kwa milungu ingapo.

Koma chomwe chidatsala pang'ono kuwagwetsa ulesi ndi tepi yoyezera. Matelala athu amayeza m'mainchi, ndipo munthu amene sukulu adalekeza Sitandade 3 savutika ndi manambala okha ayi, koma timizere ting'onoting'ono tapakati pake. Kugawa muyezo wa m'chiuno panayi, nkuwonjezera kamalo ka msoko, ndi masamu ndithu. Aneba aja sadawaseke. Ankawayezetsa mobwerezabwereza pa mapepala a matumba a simenti, mpaka atakhutira kuti sizasi ikhoza kulowa pa nsalu ya mwini.

Paja telala aliyense angakuuzeni kuti kusoka kwenikweni nkudula. Msoko wokhota umasomoledwa, koma chitenje cha mamita awiri ukachidula molakwika ndiye kuti ulipira.

Panalinso manyazi. Ana a sukulu ankaima kumaonerera mayi wamkulu akusoka pepala, ndipo anthu ena pachitsime ankanena kuti msinkhu umenewo ngwolera zidzukulu. Zoterezi nzomwe zimabweza amayi ambiri, monga momwe ena amathawira sukulu za kwacha poopa kusekedwa.

Kuti timvetse kukula kwa chifundo cha telala wachikulireyu, tiyenera kukumbukira kuti msika wa matelala ngwochepa. Chiyambireni kusefukira kwa kaunjika m'zaka za m'ma 1990, anthu ambiri adasiya kusoketsa malaya ndi mathalauza, popeza chovala cha pamulu chimatchipa kuposa kugula nsalu nkulipiranso wosoka. Zomwe zidatsalira matelala ndi mayunifolomu a sukulu, zovala za mabungwe a amayi m'mipingo, za pachinkhoswe ndi paukwati, komanso kuchepetsa zovala za kaunjika yemweyo. Ndalama imaoneka nyengo yogulitsa fodya ndi pamene sukulu zikutsegulira. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale makina amatha kugona tsiku lonse.

Choncho kuphunzitsa mnansi nkudzipangira wopikisana naye pakhomo pomwe. Kuwonjezera apo, masingano othyoka, ulusi ndi mafuta a makina zonse zinkatuluka m'thumba la mphunzitsiyo. Matelala ena amalipiritsa pamwezi, ndipo sitingawadzudzule poti nawonso ali ndi ana. Koma mayi wogulitsa tomato uja ndalama imeneyo akadaipeza kuti?

Njira za boma zilipo. Bungwe la Teveta lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a luso m'madera. Koma kumeneku kumathamangira achinyamata okhala ndi masatifiketi. Mayi wa ana anayi, yemwe ayenera kuphika ndi kusaka ya lendi, sangachoke pakhomo tsiku lonse. Sukulu yake ndi khonde la aneba.

Mwayi udagwa mu 2020 matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno. Masiki ansalu ankafunika paliponse ndipo ntchito idamuchulukira telala uja. Wophunzira wake adayamba kuthandiza, ndipo apa mpomwe adagwira ndalama yoyamba ya singano.

Akuti atapita nayo kukathokoza, aneba adakana kulandira, nkuwauza kuti akaiponye kubanki m'khonde. Adangolola paketi ya shuga. Ndalama ija, pamodzi ndi ngongole yakugululo, ndiyo idagula makina a Butterfly ogwiritsidwapo kale ntchito omwe mayiwa ali nawo lero.

Makinawo sadawaike pakhonde loyandikana ndi la mphunzitsi wawo. Adasankha kukakhala mbali ina ya msika kuti asalande makasitomala a munthu amene adawathandiza. Maso a telala wachikulire uja tsopano ayamba kufooka, moti ntchito ya nsalu zakuda, zomwe ulusi wake suoneka bwino, amaitumiza kwa wophunzira wake, yemwe amasoka osalipiritsa.

Kolala ya shati yokha njomwe mayiwa akadaiopabe. Ikabwera, amaipinda bwinobwino nkupita nayo kwa aneba madzulo kuti akadulire limodzi.