Fakitale yavomera kuti inalakwitsa, koma kukonza kukuchedwa: muchite chiyani?

Munakwerapo chapa yomwe ikagunda dzenje imapitiriza kudumphadumpha ngakhale dzenjelo latsala kumbuyo? Mutu umagunda denga, thumba la mbatata limagubuduzika, wina n'kuseka kuti galimoto ikuvina. Nthawi zambiri chimene chatha ndi chitsulo chotchedwa amortecedor pa Chipwitikizi. Amakaniko ena a kufupi ndi malire a Malawi amangoti shoko. Pano tilemba amortecedor, chifukwa ndi mmene mudzawerengere dzinali pa risiti ya ku oficina.

Pafupi ndi tayala lililonse pali zinthu ziwiri zogwira ntchito limodzi. Choyamba ndi mola, chitsulo chonyutuka chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto. Mola ikapanikizika imabwerera, ndipo ikakhala yokha imangodumpha osaleka. Chachiwiri ndi amortecedor. Iyi ili ngati mpope wa njinga, koma m'kati mwake muli mafuta. Tayala likakwera kapena kutsika, mafutawo amakakamizika kudutsa m'timabowo tating'ono, ndipo kuvutikira kumeneko n'kumene kumaletsa mola kudumpha. Choncho ntchito yaikulu ya amortecedor si kusangalatsa msana wanu ayi. Ntchito yake ndi kusunga tayala pansi. Tayala limene lili m'mwamba, ngakhale kwa kamphindi, silimva mabuleki ndipo silimva chiwongolero. Ndiye chifukwa chake galimoto ya amortecedor yakutha imatenga mtunda wautali isanaime, imapendekera kwambiri pokhota, ndipo pamsewu wonyowa imaterereka msanga.

Amortecedor imatha ndi ukalamba, ndi katundu wambiri, ndi misewu yathuyi. Zimenezo ndi za mwini galimoto. Koma nthawi zina chitsulocho chimachoka ku fakitale chili kale ndi chilema. Zikatero, kampani yopanga galimoto imalengeza kuti magalimoto onse a mtundu umenewo abwerere kwa wogulitsa wovomerezeka kuti akakonzedwe ulere. Pa Chingelezi amati recall, ndipo liwu lomweli mudzalimva ngakhale kwa olankhula Chipwitikizi. Ena amati campanha de recolha. Tanthauzo lake ndi limodzi: wopanga wavomera kuti vuto ndi lake, ndipo ndalama zokonzera zichoka kwa iye.

Nkhani ya ku America

Mu Januwale 2025 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto pafupifupi 150,000 a mtundu wa Bronco, a zaka za 2021 mpaka 2024, ku United States. Vuto linali pa ma amortecedor akumbuyo. Pa magalimoto amenewa, amortecedor ili ndi kathanki ka mafuta kolumikizidwa pambali pake. Dzimbiri limatha kudya polumikizirapo mpaka kathankiko kuthothoka n'kugwera mumsewu. Ganizirani kuti mukuyendetsa njinga yamoto kumbuyo kwa galimoto yothamanga, chitsulo n'kugwa patsogolo panu.

Eni magalimotowo analandira makalata. Koma kalata yoyambayo sinanene kuti bwerani mawa tidzakonze. Inangowadziwitsa za ngoziyo, n'kunena kuti njira yokonzera sinakonzeke, adikire kalata yachiwiri. Kudikirako kunali kwa miyezi. Munthu anali ndi pepala m'manja lonena kuti galimoto yake ili ndi chilema, koma ku garaja kunalibe choti amuikire.

Kuchedwa kotere kuli ndi zifukwa zake. Kampani iyenera kupeza chimene chinalakwika, kupanga chitsulo chatsopano, kuchiyesa, kenako kupanga zambirimbiri n'kuzitumiza kwa ogulitsa onse. Lamulo la ku America limafuna kuti anthu adziwitsidwe msanga vuto likadziwika, ngakhale zokonzera zisanapezeke. Lamulo limeneli ndi labwino. Kuli bwino kudziwa kuti pansi pa galimoto yanu pali vuto kusiyana n'kumayenda osadziwa kanthu. Komabe zifukwazi sizichepetsa ngozi kwa amene akuyendetsa galimotoyo tsiku ndi tsiku.

Kwa ife kalata sifika

Mwina mukuti Bronco simunaionepo pamsewu wa ku Ulónguè kapena ku Moatize. N'zoona, si galimoto yofala kuno. Koma nkhaniyi ikutikhudza mwa njira ina, ndipo kwa ife ndi yovuta kuposa kwa anthu a ku America.

Magalimoto ambiri oyenda ku Tete ndi ku Niassa, kuphatikizapo ma chapa, anabwera atagwira kale ntchito ku Japan. Kampani ikapeza chilema, imatumiza kalata kwa mwini galimoto amene analembetsa m'dziko limene galimotoyo inagulitsidwa. Ngati galimotoyo inakwera kale sitima n'kutsikira ku Durban, ku Beira kapena ku Maputo, kalatayo ilibe kofikira. Dzina lanu kampani silidziwa. Galimoto itha kukhala pamndandanda wa zoyenera kukonzedwa kwa zaka zambiri, inu mukunyamula ana asukulu m'menemo.

Izi zinaoneka bwino pa nkhani ya kampani ya ku Japan yotchedwa Takata. Iyo inkapanga matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi kuti ateteze dalaivala, otchedwa airbag. Mankhwala ofufumitsa thumbalo ankawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo m'malo mofufumitsa thumba ankaphulitsa kachitsulo kake, zidutswa n'kulasa munthu kumaso ndi pakhosi. Anthu oposa 30 anafa m'maiko osiyanasiyana. Matumba oposa 100 miliyoni anaitanitsidwa, m'magalimoto a Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi ena ambiri. Zosinthira zinasowa kwa zaka, ndipo Takata yeniyeniyo inagwa mu 2017. Mitundu ya magalimoto imeneyi ndi yomwe yadzaza m'misewu yathu, ndipo za kutentha kwa ku Tete palibe amene angakuphunzitseni.

Ndiye ngati kalata sibwera, muyenera kufunsa nokha.

Nambala imene muyenera kuidziwa

Galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake imene siifanana ndi ya galimoto ina. Si nambala ya pa chikwangwani cha kutsogolo ija. Imeneyo imaperekedwa kuno. Tikunena nambala ya ku fakitale, imene pa livrete yalembedwa kuti número do quadro, ena amati número do chassi. Imapezekanso pa galimoto penipeni: pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini, kapena pafelemu ya chitseko, kapena pansi pa mpando wakutsogolo. Yerekezerani ya pa livrete ndi ya pa galimoto. Ziyenera kufanana.

Magalimoto opangidwira msika wa ku America, wa ku Ulaya kapena wa ku South Africa amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17. Mu nambala yotere mulibe zilembo I, O ndi Q. Anazichotsa dala kuti anthu asamasokoneze ndi 1 ndi 0. Choncho mukaona chozungulira, lembani ziro. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yaifupi: zilembo zochepa ndi manambala osonyeza mtundu wa galimoto, kamzere, kenako manambala ena. Kopani pang'onopang'ono m'kope lanu, chilembo chimodzichimodzi, ndipo wina awerenge mokweza inu mukuloza ndi chala. Chilembo chimodzi chikalakwika, yankho lidzakhala la galimoto ya munthu wina.

Ndi nambalayi mungachite zinthu ziwiri. Mungapite kwa wogulitsa wovomerezeka wa mtundu wa galimoto yanu n'kumufunsa ngati galimotoyo ili pa recall. Mungathenso kupempha mwana kapena mnzanu amene amadziwa intaneti kuti alowetse nambalayo pa tsamba la kampaniyo. Makampani akuluakulu a ku Japan ali ndi masamba ofufuzira zimenezi, ngakhale ambiri ali m'Chijapani ndipo pamafunika foni yomasulira.

Konzekerani kuti wogulitsa wa kuno atha kukuyankhani kuti galimotoyo siinadzere mwa iye. Musakwiye, koma musachokenso chimanjamanja. Mufunseni ngati angaitanitse chitsulocho, ndi ndani alipire, ndipo yankholo alilembe.

Pamene mukudikira

Tinene kuti avomera: galimoto yanu ili pamndandanda, koma chitsulo kulibe, bwerani mwezi wamawa. Mwezi wamawa mwafika, akuti chikadali m'njira. Apa ndi pamene anthu ambiri amatopa n'kuiwala. Ine ndimaona kuti kutopa kumeneku n'koopsa kuposa chilema chenichenicho, chifukwa munthu amazolowera phokoso la pansi pa galimoto mpaka kusiya kulimva.

Funso loyamba kufunsa ndi ili: kodi galimotoyi ndipitirize kuyendetsa kapena ndiimike? Zilema zina n'zoopsa moti kampani imalamula kuti galimoto isayendenso mpaka itakonzedwa. Zina amalola kuyenda mosamala. Amene akukuyankhani alembe yankholo pa pepala la kampani, ndi deti ndi dzina lake.

Ngati aloleza kuyenda, yang'anani ma amortecedor nokha sabata iliyonse. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, gwadani, suzumirani kuseri kwa tayala. Kunyowa pang'ono kwa fumbi si kanthu kwenikweni. Koma mafuta oyenderera kutsika m'mbali mwa chitsulocho akutanthauza kuti chabooka. Onani ngati pali dzimbiri polumikizira, kapena mphira wong'ambika kumwamba ndi kumunsi. Kenako kanikizani ngodya ya galimoto ndi mphamvu zanu zonse n'kusiya. Ikwere kamodzi n'kukhazikika. Ikadumpha kawiri katatu, amortecedor yafooka. Sisitani dzanja pa tayala: likadyeka mwa timaenje timaenje m'malo modyeka mofanana, ndiye kuti lakhala likudumpha pamsewu. Poyenda, mverani kugogoda pa mabampu, ndipo onani ngati mphuno ya galimoto ikugwera pansi kwambiri mukaponda mabuleki.

Chepetsani katundu ndi liwiro. Ndikudziwa kuti kwa mwini chapa kapena wonyamula mbatata kuchokera ku Angónia mawu amenewa ndi owawa, chifukwa thumba lililonse losiyidwa ndi ndalama yotayika. Koma galimoto yolemera pa amortecedor yofooka, potsetsereka, ndi imene imalephera kuima. Siyaninso mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo.

Ndipo lembani zonse. Patulani tsamba limodzi m'kope. Ulendo uliwonse mukapita kapena kuimba foni, lembani deti, dzina la amene mwalankhula naye, ndi zimene walonjeza. Mwachitsanzo: "12 Malichi, ndinapita ku garaja, anati chitsulo chifika pakatha masabata atatu." Mizere itatu kapena inayi yotere ili ndi mphamvu kuposa kukalipa pa kauntala. Wantchito amasintha, bwana amasamuka, koma tsambalo limakhalapo. Ngati kulemba kukukuvutanibe, lembani deti ndi manambala nokha, mawu enawo akuthandizeni wina.

Kuno ku Mozambique tili ndi lamulo loteteza ogula, Lei n.º 22/2009. Mwa zina, limanena kuti wogula ali ndi ufulu woti moyo wake, thanzi lake ndi chitetezo chake zitetezedwe, ufulu wouzidwa zoona za chimene wagula, ndi ufulu wolipidwa akawonongeredwa. Ngati munagula galimoto kwa wogulitsa wa m'dziko muno ndipo akungokuzengerezani, pemphani livro de reclamações mulembemo dandaulo lanu. Mungathenso kukadandaula ku bungwe la boma loyendera ntchito za malonda. Kumeneko adzakufunsani madeti ndi mapepala. Tsamba lija la m'kope ndi limene lidzayankhe.

Mukaganiza zolipira nokha

Pali nthawi imene kudikira sikuthekanso. Mafuta akuchucha, galimoto ikuvina, ndipo ndi yomweyo imene imadyetsa banja. Pamenepo konzetsani, musadikire kuti kampani idzuke. Koma musanapite kwa makaniko wanu, dziwitsani wogulitsa mwa kalata kuti mukukonzetsa chifukwa cha kuchedwa kwawo, ndipo funsani ngati adzakubwezerani ndalama. Ku America makampani amabweza ndalama zotere nthawi zina, munthu akaonetsa risiti. Kuno musawerengere kuti zichitika zokha, koma popanda risiti ndiye palibe pomwe mungayambire.

Risitiyo ikhale yeniyeni, yokhala ndi dzina la oficina, NUIT yake, deti, nambala ya galimoto ndi dzina la chitsulo chimene asintha. Chitsulo chakale musachisiye kwa makaniko. Tengani, kulungani m'thumba, sungani kunyumba, chifukwa ndi umboni wa chilemacho. Ma amortecedor amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Kusintha mbali imodzi kumasiya galimoto yolimba kumanja ndi yofooka kumanzere, ndipo pokhota imakoka mosayembekezereka. Chenjeraninso ndi za kaunjika zopukutidwa bwino n'kupakidwa utoto. Kunja zimawala, m'kati mafuta anatha kalekale.

Ngakhale mutakonzetsa nokha, dzina lanu lisachoke pamndandanda wa wogulitsa. Chitsulo cha ku fakitale chikafika, pitani akachione, ndipo akulembereni kuti galimoto ya nambala yakutiyakuti yakonzedwa. Pepala limenelo liikeni pamodzi ndi livrete. Tsiku limene mudzagulitse galimotoyo, mudzalipereke kwa wogula pamodzi ndi makiyi.