Kwaya Ili Ngati Misi Itatu Mumtondo Umodzi

Amayi atatu akamasinja chimanga mumtondo umodzi, mphamvu za mkono pazokha sizithandiza. Musi wa uyu ukamatuluka, wa mnzake uzikhala ukulowa, wachitatu uli m'mwamba kudikira mpata. Mmodzi akangofulumira pang'ono, misi imawombana, chimanga n'kumwazikira pansi. Mtsikana wongoyamba kumene sachita kumuwerengera. Amamupatsa musi, iye n'kumamvera kugunda kwa anzake mpaka thupi litazolowera.

Kwaya imaphunzitsanso motero. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense wofuna kudziwa kuyimba kuti alowe kwaya ya m'dera lake kapena ya kutchalitchi, ngakhale asakudziwa noti ndi imodzi yomwe. Munthu woyimba yekha sazindikira kuti mawu ake atsika. Akakhala pakati pa anzake, khutu limamuuza pompo, poti mawu ake amayamba kukhulana ndi a amene wayandikana naye.

Tsiku loyamba kwayamasita amakuyesani mawu n'kukuikani pagulu: sopulano, aluto, tena kapena besi. Ambiri amasirira sopulano chifukwa ndiye amanyamula chuni chimene aliyense amachidziwa. Koma kwa ine sukulu yeniyeni ili ku aluto ndi tena. Kumeneko mumagwira mzere wanu khutu likukokedwa ndi chuni cha ena, ndipo mukangotayirira mumapezeka mwalowa m'mawu a sopulano osadziwa.

Kwaya zambiri kuno kwathu zimaphunzira nyimbo ndi zilembo za d, r, m, f, s, l, t. Njira imeneyi, yotchedwa tonic sol-fa, anaifalitsa ndi mbusa John Curwen ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover a ku Norwich, ndipo kuno inafika ndi amishoni. Ubwino wake ndi woti "do" sakhala pamalo amodzi. Nyimbo ikakwera mopweteka pakhosi, kwayamasita amangotsitsa "do", koma mtunda wochoka pa "do" kufika pa "so" umakhala womwewo. Mukauloweza mtunda umenewu ndi inzake, mukhoza kutenga pepala la nyimbo imene simunaimvepo n'kuyamba kuiyimba.

Kupuma nako kumagawanidwa. Pa noti yaitali, anthu a gulu limodzi sakoka mpweya nthawi imodzi. Uyu amaba mpweya mwakachetechete mnzake atagwirira mawu, kenako amasinthana ngati misi ija, omvera n'kumangomva liwu limodzi losaduka. Mpweyawo uzitsika mpaka mimba ndi nthiti zitukuke. Mapewa akakwera ndiye kuti mwapumira pamwamba, ndipo mawu akuthawani mzere usanathe.

Miyezi yoyamba musamajombe pulakatisi, chifukwa mbali yanu amaiphunzitsa mzere ndi mzere ndipo sabwereranso m'mbuyo chifukwa cha munthu mmodzi. Muziima pafupi ndi mnzanu wa gulu lanu amene sasochera, ndipo muziyimba chapansipansi kuti muzimumva bwino.