Wosamalira nsomba amayamba wasamalira madzi

Ana ambiri amene amaona ma dolphin akudumpha ku uShaka Marine World mumzinda wa Durban amabwerera kwawo atasankha kale ntchito. Amaganiza kuti wogwira ntchito pa aquarium, nyumba yoonetsera zamoyo za m'madzi, amangokhalira kusambira ndi nyama tsiku lonse, anthu n'kumamuombera m'manja. Sitingawadzudzule, chifukwa n'zokhazo zimene amaonetsedwa.

Kuseri kwa magalasi kuli zina. M'mawa, alendo asanafike, munthuyu amakhala atayeza kale madzi: kutentha kwake, mpweya, mchere. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndipo muyezowu ukasintha mwadzidzidzi nsomba zimadwala. Mdani wamkulu ndi amoniya, amene amachokera m'zonyansa za nsombazo komanso m'chakudya chotsala. M'nyanja amangomwazika, koma m'thanki amaunjikana mpaka kupha. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya okhala m'masefa, choncho wosamalira shaki amawetanso tizilombo tosaoneka ndi maso. Pampu ikafa usiku, ndiye kuti tulo tathera pomwepo. Akatha zimenezo kuli kuduladula nsomba zozizira kukhitchini, kupala ndere pamagalasi, kulemba kuti ndani wadya, ndani wakana. Za Khirisimasi nyamazi sizidziwa, zimafuna chakudya basi.

Nanga mashaki? Ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 1995, antchito amalowa m'thanki la mashaki a mano oonekera kunja, ndipo alendo odziwa kusambira pansi pa madzi amalipira kuti alowemo nawo. Nkhope ndi yoopsa, khalidwe ndi lofatsa.

Ena amati malowa ndi ndende, nyama ikalowa yalowa. Pa ma dolphin mtsutso ulipodi, ndipo ine sindiutenga mopepuka. Koma pa akamba a m'nyanja nkhani ndi ina. Chaka chilichonse tiana ta akamba toswedwa kumpoto kwa KwaZulu-Natal timatengedwa ndi madzi othamanga a Agulhas, tina n'kukatayidwa kugombe lozizira la Cape titafooka, tambiri titameza pulasitiki. Antchito a Two Oceans Aquarium amatidyetsa ndi kutipima sikelo kwa miyezi, kenako n'kutibwezera m'nyanja. Kamba wotchuka Yoshi anabwera ku aquarium imeneyi mu 1997 ndi asodzi a ku Japan ali wamng'ono ngati mbale. Anakhala zaka 20, anamuphunzitsa kusambira maulendo ataliatali m'thanki, ndipo mu December 2017 anamumasula akulemera makilogalamu pafupifupi 180. Kachipangizo kamene anamumata pamsana kanasonyeza kuti anayenda makilomita oposa 35,000 mpaka kufika ku Australia.

Chikhulupiriro china ndi chathu chomwe, choti mwana wa dziko lopanda nyanja yamchere alibe chake kumeneko. Chonsecho mbuna za m'nyanja ya Malawi zili m'ma aquarium ambiri padziko, ndipo maphunziro a za nsomba alipo ku Bunda, ku Mzuzu University ndi ku Mpwepwe ku Mangochi. Za mchere mungakaphunzire pambuyo, koma kuyeza madzi ndi kuzindikira nsomba yodwala mungayambire padamu la chambo. Ngati mukuifunadi ntchitoyi, limbikirani biology ndi chemistry, ndipo phunzirani kusambira.