Galu wolamula banja: nthabwala zimene zimagulitsa katundu ku Japan

Pa 28 Ogasiti 1953 wailesi ya kanema ya Nippon Television inayamba kuulutsa mapulogalamu ake mumzinda wa Tokyo, ndipo tsiku lomwelo anthu a ku Japan anaonera koyamba uthenga wotsatsa malonda pa kanema. Uthengawo unali wa kampani ya Seikosha, yopanga mawotchi a Seiko. Masana zinthu zinasokonekera chifukwa filimu anaiika mozondotsa, moti mawu sanamveke. Madzulo, nthawi ya 7 koloko, zonse zinalongosoka: oonera anaona tambala wojambulidwa akutchera wotchi.

Kuchokera pa tambala ameneyu, kutsatsa malonda kwakula kufika pokhala chisangalalo pachokha m'dzikoli, chimene anthu amachikambirana ku ntchito monga momwe amakambira za mpira. Gwero lake lina ndi kuchepa kwa nthawi. Mauthenga ambiri amatenga masekondi 15 okha, nthawi yosakwanira ngakhale kupatsana moni wa m'mawa mwaulemu. Wotsatsa sangathe kulongosola ubwino wonse wa katundu wake, choncho amasankha chinthu chimodzi chimene chingakakamire m'mutu mwa woonera: nkhope, kanyimbo, kapena chodabwitsa chimene chimusiye munthu akuseka yekha. Kunyoza katundu wa mnzako sikofala kumeneko, ndipo kudzitama kwambiri kumaoneka ngati kusaleredwa bwino.

Chitsanzo chotchuka kwambiri ndi banja la Shirato, lomwe kampani ya mafoni ya SoftBank inalibweretsa pa kanema mu 2007. M'banjali muli mayi, mwana wamkazi wogwira ntchito m'sitolo ya mafoni, mchimwene wake amene mbali yake amasewera Dante Carver, munthu wakuda wa ku America, ndi bambo. Bamboyo ndi galu woyera mbee wa mtundu wa Hokkaido. Amakhala patebulo nthawi ya chakudya, amadzudzula ana, amakwiya msanga, koma kwa mkazi wake amagonja. Mawu ake okuya ndi a Kinya Kitaoji, katswiri wa zisudzo amene anthu anazolowera kumuona akusewera mbali za akuluakulu olemekezeka. Nthabwala yonse yagona pakuti palibe m'nyumbamo amene amadabwa. Kumadera kumene kutchula munthu kuti galu ndi chitonzo chofika nacho kwa amfumu, nkhaniyi ingamveke yachipongwe. Ku Japan anthu anamukonda galuyo ngati wachibale, ndipo pamene galu woyamba kusewera mbaliyi, Kai-kun, anafa mu 2018, nyuzipepala zinalengeza imfa yake.

Chimene SoftBank inachita mwanzeru si kusankha galu kokha ayi, koma kusasintha banjalo. Uthenga uliwonse unali gawo latsopano la nkhani yomweyo, moti za mitengo ya mafoni zinkangolowa pambali, ngati ndiwo zotsagana ndi nsima. Woonera ankadikira kuti aone zimene bambo achite lero.

Kampani ya zakumwa ya Suntory inatsata njira yofananayo. Kuyambira mu 2006, katswiri wa mafilimu wa ku America, Tommy Lee Jones, wakhala akutsatsa khofi wa m'zitini wotchedwa Boss. Amasewera mbali ya cholengedwa chochokera kudziko lina lakuthambo, chimene chinavala thupi la munthu kuti chifufuze khalidwe la anthu a pansi pano. Pogwira ntchito zosiyanasiyana za anthu wamba, nkhope ili gwa osamwetulira, amaona kupusa kwa anthu ndi kutopa kwawo, kenako n'kupezamo kanthu kena kokoma. Apa pali nthabwala, komanso pali ulemu kwa munthu wogwira ntchito ya thukuta, yemwe ndiye amagula khofiyo. Kubwereka nkhope za alendo n'kwakale ndithu. Mu 1970 Charles Bronson anatsatsa mafuta onunkhira a amuna otchedwa Mandom, ndipo malonda anayenda kwambiri moti chaka chotsatira kampani ya Tancho inasiya dzina lake n'kutenga la mafutawo.

Mu 2015 kampani ina ya mafoni, ya au, inabwerera kunthano za agogo. Inatenga anyamata atatu amene mwana aliyense wa ku Japan amawadziwa: Momotaro amene anatuluka m'pichesi, Kintaro wamphamvu wolimbana ndi zimbalangondo, ndi Urashima Taro, msodzi amene anapulumutsa kamba wa m'nyanja n'kutengedwa kupita kunyumba yachifumu ya pansi pa madzi. M'nthano zenizeni atatuwa sakumana, koma pa kanema ndi mabwenzi ocheza pakhonde, okokana ndi kusekana ngati achinyamata a lero. Zili ngati kuwapeza Kalulu, Fisi ndi Kamba akudandaulirana za apongozi. Panalibe chifukwa chotaya masekondi pofotokoza kuti awa ndani, poti ntchito imeneyo agogo anaigwira kale.

Komabe chimene chimapangitsa uthenga kukumbukika chingathenso kuudanitsa, ndipo apa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, amene ntchito yawo ndi kubwereza mawu omwewo m'misonkhano ndi pa wailesi, angaidziwe bwino nkhaniyi. Pa 11 Malichi 2011 chivomezi chachikulu ndi madzi osefukira kuchokera m'nyanja zinasakaza kumpoto chakum'mawa kwa Japan, ndipo anthu oposa 15,000 anafa. Makampani anachotsa malonda awo pa kanema, poona kuti si nthawi yoseketsa anthu. Mipata imene inatsala anaidzaza ndi mauthenga a bungwe la AC Japan, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971 kuti lizifalitsa nkhani zothandiza anthu osati zogulitsa katundu. Bungweli linali ndi mauthenga ochepa okonzeka kale, choncho omwewo anabwerezedwa usana ndi usiku.

Umodzi mwa iwo unali wa ana, wowaphunzitsa kupereka moni. Munali tinyama tojambulidwa tokhala ndi maina osakaniza moni ndi dzina la nyama, monga kalulu amene dzina lake linalumikiza arigato, kutanthauza zikomo, ndi usagi, kutanthauza kalulu. Uthengawo unalibe cholakwa. Koma kwa munthu amene akudikira kumva ngati m'bale wake wapezeka, kanyimbo kachisangalalo komveka kambirimbiri pa tsiku kanasanduka chozunza. Madandaulo anachuluka, bungwe linapepesa, ndipo linachotsa kamawu koimba dzina lake kamene kankamveka kumapeto kwa uthenga uliwonse. Chodabwitsa n'chakuti anthu ena anatenga tinyamato n'kuyamba kutijambula mwanthabwala pa intaneti, ndipo kufikira lero kanyimboko kamakumbutsa ambiri masabata owawa amenewo.

Palinso uthenga umene unatchuka popanda galu kapena mlendo. Kampani ya Akagi Nyugyo, ya m'chigawo cha Saitama, imapanga kachakudya kozizira kouma pakamtengo kotchedwa Garigari-kun, kamene ana asukulu amagula ndi tindalama ta m'thumba. Kwa zaka 25 mtengo wake unali mayeni 60. Mu Epulo 2016, zipangizo zitakwera mtengo, kampani inaufikitsa pa mayeni 70. M'malo mokweza mwakachetechete, inaulutsa uthenga woonetsa akuluakulu a kampani ndi antchito ataima m'mizere panja pa nyumba yawo ya ntchito, nkhope zili zachisoni, nyimbo yakale yonena za kukwera kwa mitengo ikumveka. Kenako onse pamodzi anawerama mozama, monga amachitira munthu wa ku Japan popepesa mlandu waukulu. Kupepesa kotere chifukwa cha mayeni 10 kunaseketsa anthu, koma ambiri anakhudzidwanso mtima, ndipo nkhaniyo inalembedwa m'nyuzipepala za maiko akunja.

Mu 2024 mtengo unakweranso kufika pa mayeni 80. Kampani inaonetsanso antchito ake akupepesa, ulendo uno atawerama mozama kuposa poyamba.