Operekeza Alendo pa Phiri la Mulanje

Ana inu, phiri limene muliona m'mawa uliwonse potuluka m'nyumba, anthu ena amalipira ndalama zambiri kuti adzalione kamodzi kokha. Achokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ku Ulaya ndi ku America. Akafika agona m'nyumba za alendo zimene zili m'tsinde mwa phiri, monga ku Likhubula ndi pa boma. Koma mlendo sadziwa njira. Chifukwa chake kukacha afuna munthu wakuno womperekeza, ndi wina womnyamulira katundu. Onyamula katunduwo kale ankatchedwa amtengatenga. Lero timati mapotala.

Ntchito ya woperekeza ioneka yopepuka, pakuti sasenza mtolo waukulu. Katundu wake ali m'mutu.

Ulendo waufupi ndiwo wa ku Dziwe la Nkhalamba, mathithi a mtsinje wa Likhubula. Alendo ayamba alembetsa maina awo ku ofesi ya zankhalango, nalipira ndalama yolowera, pakuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927. M'njira woperekeza ayenda patsogolo, maso ali ponseponse. Mlendo aona masamba okha. Iye aona pusi ali phee panthambi, kapena mbira ikuothera dzuwa pathanthwe. Adziwa kulira kwa nyani ndi phazi la chinkhoma. Adziwanso kuti kanyama kakang'ono kangakondweretse mlendo koposa nyama yaikulu. Ku nkhalango za mtsinje wa Ruo kuli mtundu wa nadzikambe wosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo anthu ophunzira za nyama, pofuna kuupatsa dzina la m'mabuku, anabwereka mawu athu omwewa nautcha Nadzikambia. Mukadzaonanso nadzikambe panjira, musamponye miyala.

Ku maiko ena, monga ku India, alendo amawaonetsa akachisi akuluakulu omangidwa ndi miyala. Kachisi wa makolo athu anali kanyumba ka udzu patsinde pa mtengo, ndipo chiswe ndi mvula sizinachedwe kukagwetsa. Chimene chatsala ndi malo enieniwo: maiwe, mapanga ndi nsonga za phiri, kumene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ankathira nsembe popempha mvula. Akuluakulu amasimba kuti padziwe paja pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndipo dzina linachokera pamenepo. Amatinso munthu akapeza chakudya chokonzakonza paphiri, adye yekha osaitana mnzake, pakuti ndi cha mizimu. Woperekeza wabwino afotokoza zimenezi monga anazimva, osawonjezera bodza kuti mlendo azizwe, ndiponso osaseka makolo ake kuti mlendo amuyese wophunzira. Chifukwa cha malo otere bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse mu 2025.

Tsono ulendo wovuta ndiwo wokwera pamwamba. Kumeneko kuli madambo aakulu a udzu, ndi tinyumba togonamo apaulendo, monga ta pa Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo. Pa kanyumba kalikonse pali mlonda wosonkha moto ndi kutunga madzi. Nsonga yoposa zonse ndiyo Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe ina yoiposa. Dzina lake lomwe likuchenjezani: kumeneko sikupitidwa.

Choopsa chachikulu cha paphiri si nyalugwe ayi, koma nkhungu. M'miyezi yozizira mphepo yonyowa imene timaitcha chiperoni ichokera ku nyanja yamchere, niwoloka dziko la Mozambique, nidzagunda phiri lathu. Kumwamba kungakhale kuli mbee m'mawa, koma pofika masana munthu osaona ngakhale mnzake amene ali pafupi. Pamenepo miyala yonse ifanana, thanthwe literera, ndipo chisanu chilowa m'mafupa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womperekeza wake nakwera yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, iye anasokera, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Nchifukwa chake woperekeza ayenera kukhala wolimba mtima pakamwa pomwe. Mlendo amene wachokera kutali safuna kumva mawu akuti, "Lero tibwerere." Mwina akwiya, mwina alonjeza ndalama zina. Koma wodziwa phiri akaona mitambo ikuunjikana kum'mwera, kapena akamva mtsinje ukukokoma mvula itagwa kumtunda, abweza anthu ake, angakhale atsala pang'ono kufika. Ine ndiyesa kuti kukana kumeneku ndiko kovuta koposa kukwera.

Alendo ena safuna kukwera konse. Iwowa apita nawo ku minda ya tiyi, amene anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, kuti aone othyola masamba ndi madengu awo kumsana. Kapena apita nawo kumudzi. Kumeneko woperekeza aphunzitsa mlendo mwambo: kunena "Odi" pofika pakhomo, kuyamba waonekera kwa amfumu, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kupempha asanajambule munthu. Mlendo aona gule wa tchopa, nalawa kalongonda, amene amayi aphika nthawi yaitali nataya madzi ake, pakuti wosapsa bwino aledzeretsa ndi kudwalitsa. Inu ana, mlendo akafika m'mudzi mwanu musamthamangire ndi kupempha ndalama. Mpatseni moni monga muchitira ndi mkulu aliyense.

Pali chinthu chimodzi chimene alendo amafunsa, ndipo operekeza achita nacho manyazi. Ndicho mkungudza wa ku Mulanje, umene mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse koma paphiri pano. Matabwa ake anunkhira bwino, ndipo chiswe sichiwadya. Ubwino wake womwewo ndiwo unauphetsa: ocheka matabwa mozemba anaudula, moto wolusa nutentha mbande zake, kufikira kuti mu 2017 owerenga mitengo anapeza ikuluikulu 7 yokha. Lero woperekeza aloza zitsa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, lafesa mbewu m'manazale ndi kubzala mbande zambirimbiri pamwamba. Koma mkungudza ukula pang'onopang'ono, ndipo mbande imene yabzalidwa chaka chino sidzakhala mtengo waukulu kufikira inu mutamera imvi. Moto wa tsiku limodzi ungathe kupsereza zonsezo. Chotero alendo akaphika tiyi panjira, woperekeza atsala m'mbuyo, nathira madzi paphulusa, nalikhudza ndi dzanja kuti aone ngati lazizira, ndipo pamenepo atsata anzake.